Masamu obisika amene adatsala pang'ono kuzimitsa magetsi m'makomo

M'zaka za 2023 ndi 2024, mabanja ambirimbiri ku Blantyre, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg adagwira ntchito imodzi yofanana. Munthu ankaima patsogolo pa mita ya magetsi, kapepala kapena foni ili kumanja, n'kudina manambala 20, kenaka ena 20, ndipo akatero m'pamene ankalowetsa mayunitsi amene wagula. Mabungwe ogulitsa magetsi monga ESCOM ku Malawi, ZESCO ku Zambia, ZETDC ku Zimbabwe ndi Eskom ku South Africa adakhala akuchenjeza anthu pa wailesi ndi m'nyuzipepala kuti mita iliyonse yolipiriratu imene sidzakhala itakonzedwa pofika pa 24 Novembala 2024 idzayamba kukana mayunitsi atsopano. Tsikulo litayandikira, ku Soweto anthu adafola mizere italiitali pa maofesi a Eskom poopa kugona mumdima.

Chodabwitsa n'chakuti mamitawo adali abwinobwino. Padalibe waya wopserera kapena chipangizo chothyoka. Chimene chinkatha ndi malo olembapo nambala imodzi, nambala imene idayamba kuwerengedwa pa 1 Januwale 1993 ndipo idakhala ikukwera mphindi iliyonse, usana ndi usiku, kwa zaka pafupifupi 32.

Nkhani ya mamita imeneyi ikuonetsa kufunika kwa luso lina limene silitchulidwatchulidwa pa misonkhano ya zachitukuko. Ili ndi luso lolondola masamu a kompyuta phazi ndi phazi, kufikira pansi penipeni pamene malangizo olembedwa ndi munthu amasanduka ntchito ya magetsi. Chida chachikulu cha mmisiri wogwira ntchito imeneyi ndi chiyankhulo chotchedwa assembly.

Chigoba chilichonse chili ndi malire

Kompyuta, kaya ndi yaikulu ya kubanki kaya ndi kachipangizo kakang'ono ka m'mita ya magetsi, imadziwa zizindikiro ziwiri zokha: 0 ndi 1. Malo amodzi osungapo 0 kapena 1 amatchedwa biti. Biti imodzi imatha kusiyanitsa zinthu ziwiri, mabiti awiri amasiyanitsa zinayi, mabiti atatu amasiyanitsa zisanu ndi zitatu, ndipo biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa kawiri kuchuluka kwa manambala amene angalembedwe. Choncho mabiti 8 amasunga manambala 256, kuyambira 0 kulekeza 255. Mabiti 16 amasunga manambala 65,536, pamene mabiti 24 amasunga 16,777,216.

Njira yogulitsira magetsi pogwiritsa ntchito manambala 20 idayambira ku South Africa m'chaka cha 1993, pamene bungwe la Eskom linkafikitsa magetsi m'madera amene boma la tsankho lidawasiya mumdima. Bungweli linkafuna kuti mamita opangidwa ndi makampani osiyanasiyana azilandira matokeni a mtundu umodzi, ndipo ndondomeko imene idakhazikitsidwa, yotchedwa STS, idafalikira m'maiko ambiri mu Africa ndi kwina. Ubwino wake ndi wakuti mita sifuna lamya kapena intaneti. Zonse zimene iyenera kudziwa zimafika kudzera m'manambala amene mwininyumba amadina ndi chala.

Komabe manambala 20 ndi chigoba chokhala ndi malire. Muli malo a mabiti 66 basi, chifukwa mabiti 67 angafune manambala 21. Amisiri adagawa mabiti 66 amenewa mosamala ngati mayi wogawa ndiwo zochepa pa banja lalikulu. Mabiti 16 adapita kosonyeza kuchuluka kwa mayunitsi, ena 16 kotsimikizira kuti tokeni yalembedwa bwino, 10 kosonyeza mtundu wa tokeni pamodzi ndi nambala ina yongosankhidwa mwamaere, ndipo 24 otsalawo adapatsidwa ntchito yosonyeza mphindi imene tokeniyo yagulidwa. Zonsezi zimasokonezedwa mwadala ndi kiyi wachinsinsi wa mita imodziimodzi, n'chifukwa chake tokeni ya nyumba ina sigwira ntchito pa nyumba yoyandikana nayo.

Nambala ya mphindi ija ndiyo imaletsa munthu kulowetsa tokeni imodzi kawiri. Mita imakumbukira manambala a matokeni 50 amene yalandira posachedwa, ndipo imakana tokeni imene nambala yake ili kale m'chikumbumtima chake kapena ndi yakale kuposa onse amene yasunga. Tsono tsiku limodzi lili ndi mphindi 1,440. Mphindi 16,777,216 zikagawidwa ndi 1,440 zimapereka masiku 11,650 ndi maola 20 ndi mphindi zochepa. Kuwerenga masiku amenewa kuchokera pa 1 Januwale 1993 kumafikitsa munthu pa 24 Novembala 2024, nthawi itangopitirira 8 koloko usiku. Pa mphindi yotsatira, mabiti onse 24 akadabwerera pa 0, monga mmene kawerengero ka mtunda ka minibasi yakale kamachokera pa 999,999 n'kubwerera pa 000,000. Mita ikadaona tokeni yogulidwa lero ngati ya mu Januwale 1993, n'kuikana.

Manambala 40 amene anthu ankadina aja ankasintha kiyi wachinsinsi wa mita ndi kufufuta chikumbumtima chake cha matokeni akale, kuti kuwerenga mphindi kuyambirenso pa 1 Januwale 2014. Ichi ndicho chifukwa chake anthu ankauzidwa kuti ayambe alowetsa mayunitsi onse amene adagula kale asanasinthe kiyi, popeza kiyi akasintha matokeni akale sagwiranso ntchito.

Chiyankhulo cha pansi penipeni

M'kati mwa chipangizo chilichonse chotere muli purosesa, kachidutswa kamene kamagwira masamu onse. Purosesa ili ndi timalo tochepa tosungirako manambala amene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, totchedwa marejisita. Timalo timeneti tingafanizidwe ndi maenje a pa bawo. Enje lililonse limadziwika malo ake, limalandira njere ndi kuzipereka, ndipo masewera onse amayenda posuntha njere kuchoka pa enje ili kupita pa linzake motsatira malamulo ochepa. Purosesa nayo imadziwa malamulo ochepa ndi osavuta: tenga nambala iyi uike apa, phatikiza iyi ndi iyo, chotsera, yerekeza ziwirizi, lumphira pa lamulo lakutilakuti ngati yankho lili 0. Kutumiza ndalama pa foni, kujambula chithunzi cha m'chifuwa kuchipatala ndi kuulutsa ndege, zonsezi zimamangidwa ndi timalamulo totere tikachitika mamiliyoni ambirimbiri pa sekondi imodzi.

Purosesa imalandira malamulowa ali m'manambala a 0 ndi 1, ndipo akatswiri oyambirira ankawalemba choncho ndi manja, ntchito yotopetsa ndi yosachedwa kulakwika. M'chaka cha 1947, mayi wina wodziwa masamu, Kathleen Booth, wa pa Birkbeck College ku London, adalemba njira yoimira malamulo a makina ndi zizindikiro zosavuta kukumbukira, ndipo ambiri amamutenga kukhala woyambitsa chiyankhulo cha assembly. Mu 1949, David Wheeler wa ku Cambridge adalemba kapulogalamu kamene kankathandiza kompyuta yotchedwa EDSAC kumasulira yokha malembo otere kukhala manambala. Patapita zaka 20, mapulogalamu a m'kompyuta ya chombo cha Apollo 11, chimene chidafikitsa anthu ku mwezi mu 1969, adalembedwa m'chiyankhulo cha assembly ndi amisiri a ku MIT, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo adali Margaret Hamilton.

Chimene chimasiyanitsa assembly ndi ziyankhulo zina ndi chakuti kawirikawiri mzere umodzi wolembedwa umaimira lamulo limodzi la purosesa. Palibe chobisika. Pachifukwa chomwecho, banja lililonse la mapurosesa lili ndi assembly yakeyake. Mapurosesa a x86, amene adayamba ndi Intel 8086 mu 1978, ali m'makompyuta ambiri a m'maofesi. A ARM, amene adayambira ku Cambridge mu 1985, ali pafupifupi m'foni iliyonse yamakono. A RISC-V, amene adayambira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 2010, ali ndi malamulo amene aliyense angagwiritse ntchito osalipira.

Masiku ano mapulogalamu ambiri, kuphatikizapo a m'zipangizo zazing'ono, amalembedwa m'ziyankhulo zapamwamba monga C, Java ndi Python, zimene zimafanana pang'ono ndi chiyankhulo cha anthu. Pulogalamu ya C imadutsa mwa womasulira wotchedwa compiler, amene amaisandutsa malamulo a purosesa. Mmisiri akafuna kudziwa chimene makina akuchitadi, osangoti chimene wolemba ankafuna kuti achite, amatsegula malamulo omasuliridwawo n'kuwawerenga mu assembly. Zili ngati mwinimlandu amene amamva yekha chiyankhulo cha m'bwalo: amadziwa ngati womasulira wasiya mawu ena.

Kulondola phazi ndi phazi

Mu purosesa ya x86 muli rejisita yaing'ono ya mabiti 8 yotchedwa AL. Malamulo awiri otsatirawa akuiuza kuti itenge 200, kenaka iphatikizepo 100.

MOV AL, 200
ADD AL, 100

Mwana aliyense wa kupulayimale angayankhe kuti 300. Koma purosesa imaona 200 ngati 11001000 ndipo 100 ngati 01100100. Imaphatikiza kuyambira kumanja monga momwe ana amaphunzirira kusukulu, kusiyana kwake n'kwakuti 1 ndi 1 zikakumana imalemba 0 n'kusunga 1 wopita naye ku mzere wotsatira. Yankho lonse ndi 100101100, limene lili ndi mabiti 9. Rejisita ili ndi malo 8 okha. Biti yakumanzere, imene ikuimira 256, imasowa pokhala, ndipo mu AL mumatsala 00101100, ndiye kuti 32 kuphatikiza 8 kuphatikiza 4, zimene zikukwana 44. Kwa makinawa, 200 kuphatikiza 100 ndi 44.

Purosesa sibisa kuti chigoba chasefukira. Ili ndi biti yapadera yotchedwa carry flag, imene imaikweza ngati mbendera nthawi iliyonse pamene 1 wasowa malo. Komabe siimitsa ntchito kapena kuliza belu. Zili kwa wolemba pulogalamu kuika lamulo lina, monga JC, loti mbendera ija ikakwera makina alumphire kumene kuli malangizo okonza vutolo. Lamulo limenelo likasowa, 44 amapitirira ulendo ngati yankho lenileni, ndipo masamu onse otsatira amamangidwa pa iye.

Vuto lina limabwera pamene mabiti 8 omwewo agwiritsidwa ntchito kusunga manambala a mbali zonse ziwiri, opitirira 0 ndi ochepera 0. Pamenepo malire amakhala -128 mpaka 127. Kuphatikiza 100 ndi 100 kumapereka 11001000, ndipo pa kawerengedwe kameneka mabiti amenewa amatanthauza -56. Zikadakhala ndalama, munthu amene adali ndi K100 n'kulandira K100 ina akadapezeka m'buku ali ndi ngongole ya K56.

Luso lolondola limaoneka bwino pa malamulo obwerezabwereza. Kapulogalamu kotsatiraka kakuchulukitsa 7 ndi 3 pophatikiza 7 katatu, ndipo rejisita ina yotchedwa CL ikuwerenga maulendo otsala.

MOV AL, 0
MOV CL, 3
bwereza: ADD AL, 7
DEC CL
JNZ bwereza

Mmisiri amatenga pepala n'kujambula mizere iwiri, wina wa AL wina wa CL. Poyamba amalemba 0 ndi 3. Ulendo woyamba, ADD imakweza AL kufika pa 7, DEC imachotsa 1 pa CL n'kutsala 2, ndipo JNZ, poona kuti CL sinafike pa 0, imabweza makina pa mzere wotchedwa bwereza. Ulendo wachiwiri amalemba 14 ndi 1. Ulendo wachitatu amalemba 21 ndi 0, ndipo makina amatuluka ndi yankho lolondola.

Wophunzira amakhutira pamenepo, koma mmisiri wokhwima amayesanso manambala a m'malire. Ngati CL iyamba ndi 40, yankho loyenera ndi 280, koma AL idzaonetsa 24. Nanga ngati CL iyamba ndi 0? Makina amayamba aphatikiza 7 asanafunse kanthu, kenaka DEC imachotsa 1 pa 0, ndipo rejisita ya mabiti 8 imabwerera m'mbuyo kufika pa 255. Poti 255 si 0, malamulo aja amabwerezedwa maulendo 256. Chochititsa chidwi n'chakuti 7 akaphatikizidwa maulendo 256, AL imasefukira kasanu ndi kawiri n'kuthera pa 0, limene ndi yankho loona la 7 kuchulukitsa ndi 0. Munthu wongoyang'ana yankho anganene kuti zonse zili bwino. Koma zikadakhala kuti ulendo uliwonse makina amatsegula mpope wa mankhwala kwa sekondi imodzi, mpopewo ukadatseguka maulendo 256 pamene sumayenera kutseguka n'kamodzi komwe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo cholakwika chotere chimaoneka kwa yekhayo amene wadekha n'kulemba mzere uliwonse.

Pamene nambala idapha anthu

Pakati pa Juni 1985 ndi Januwale 1987, makina othandizira odwala khansa otchedwa Therac-25 adawotcha odwala asanu ndi mmodzi ku United States ndi ku Canada ndi mphamvu yopitirira kutalitali mlingo umene madokotala adalamula, ndipo ena mwa iwo adamwalira. Pulogalamu ya makinawa idalembedwa ndi munthu mmodzi mu assembly ya kompyuta ya PDP-11. Makina akale a kampani yomweyo adali ndi zotetezera zachitsulo ndi zamagetsi zoletsa ngozi, koma pa Therac-25 ntchito yambiri yoteteza idasiyidwa m'manja mwa pulogalamu.

Ngozi ya ku Yakima, m'chigawo cha Washington, mu Januwale 1987, idachokera pa nambala ya mabiti 8. Pokonzekera kuthandiza wodwala, pulogalamu inkayang'ana nambala ina yotchedwa Class3. Ikakhala kuti si 0, makina ankayamba afufuza ngati chitsulo chozungulira chimene chimayenera kukhala patsogolo pa kuwala chili m'malo mwake. Ikakhala 0, kufufuzako kunkalumphidwa. Pofuna kuti nambalayi isakhale 0, wolemba adalamula kuti izikwera ndi 1 nthawi iliyonse pamene gawo limenelo labwerezedwa. Gawolo linkabwerezedwa maulendo mazanamazana, ndipo ulendo wa 256 uliwonse nambala ija inkasefukira n'kubwerera pa 0. Wogwira ntchito atadina batani pa kamphindi komweko, makina adatulutsa mphamvu yonse chitsulo chisali m'malo mwake. Wodwalayo adamwalira patapita miyezi itatu. Kukonza kwake kudali kochepa zedi: m'malo mokweza nambalayo ndi 1, kungoiika pa nambala imodzi yokhazikika yosakhala 0. Nancy Leveson ndi Clark Turner, amene adasindikiza kafukufuku wa ngozizi mu 1993, adaonetsa kuti cholakwa chachikulu sichidali mzere umodziwo wokha, komanso kukhulupirira pulogalamu mopitirira muyeso ndi kusaipereka kwa anthu ena apadera kuti aiunike.

Pa 25 Febuluwale 1991, nthawi ya nkhondo ya ku Gulf, mzinga wa Scud udagwera pa nyumba yogona asilikali a America ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia, n'kupha asilikali 28. Makina a Patriot amene ankayenera kuuphulitsira m'mwamba sadaombere n'komwe. Koloko ya m'makinawo inkawerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi, ndipo pofuna kupeza masekondi, pulogalamu inkachulukitsa chiwerengerocho ndi 0.1. Vuto n'lakuti 0.1 salembeka ndendende m'manambala a 0 ndi 1. Amangopitirira osatha, monga momwe 1 kugawa ndi 3 amaperekera 0.3333 mpaka kalekale. Rejisita ya mabiti 24 idadula mchira wa nambalayo, ndipo pa kugunda kulikonse kwa koloko pankatayika pafupifupi 0.000000095 ya sekondi.

Kanthu kochepa chotere palibe angakadandaule. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Makina a ku Dhahran adali atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsidwa, ndiye kuti koloko idali itagunda maulendo 3,600,000, ndipo kutayika kuja kudakwana 0.34 ya sekondi. Mzinga wa Scud umathamanga mamita oposa 1,600 pa sekondi, choncho pa kanthawi kameneko umakhala utayenda mtunda woposa theka la kilomita. Makina adaufuna pamalo pamene padalibe kanthu, ndipo adaganiza kuti kulibe mzinga. Pulogalamu yokonzedwa idafika ku Dhahran tsiku lotsatira.

Pa 4 Juni 1996, roketi yoyamba ya Ariane 5 idaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40 chinyamukire ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula masetilaiti anayi a kafukufuku. Komiti yofufuza, imene adaitsogolera katswiri wa masamu Jacques-Louis Lions, idapeza kuti nambala yosungidwa m'mabiti 64 idakakamizidwa kulowa m'malo a mabiti 16, amene malire ake ndi 32,767. Gawo la pulogalamulo lidatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, imene kauluke kake sikankafikitsa nambalayo pamenepo. Kompyuta yothandizira pangozi idali ndi pulogalamu yomweyo, ndipo idalephera chimodzimodzi.

Ndani adzayang'ana m'kati?

Maiko a kummwera ndi pakati pa Africa amagula kunja pafupifupi zipangizo zonse zamakono zimene amadalira: mamita a magetsi ndi a madzi, makina a m'zipatala, zowongolera mphamvu ya dzuwa, mapampu a ulimi wothirira ndi makompyuta a m'mabanki. Chilichonse mwa izi chili ndi manambala okhala ndi malire amene wina adasankha zaka zapitazo, poganizira dziko lake ndi nthawi yake. Ku Zimbabwe adaziona mitengo ya zinthu itakwera mosaneneka. Banki yaikulu ya dzikolo idachotsa maziro atatu pa ndalama mu Ogasiti 2006, ena khumi mu Ogasiti 2008, ndi ena 12 mu Febuluwale 2009, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinkatchulidwa chidali chakuti makompyuta a m'mabanki ndi makina a m'masitolo ankalephera kusunga manambala aatali choncho.

Vuto lomweli limadikira ngakhale wophunzira amene akupanga kachipangizo kake koyamba. Achinyamata ambiri m'makoleji amagwiritsa ntchito Arduino Uno popanga zinthu monga makina otsegula okha madzi m'dimba. Purosesa ya m'kabolodi kameneka ndi ya mabiti 8, ndipo nambala wamba yotchedwa int imalekeza pa 32,767. Koloko yake yowerenga magawo 1,000 a sekondi ili ndi mabiti 32, ndipo imabwerera pa 0 pakatha masiku 49 ndi maola 17. Chipangizo chikhoza kugwira bwino ntchito pa tsiku la chionetsero, n'kulandira mphotho, koma n'kudzasokonezeka m'sabata yachisanu ndi chitatu mbewu zili pakati pa kukula.

Amene amamvetsa masamu a pansi amadziwa kuti kusefukira komweko kungathandize. M'malo mofunsa ngati koloko yafika pa nthawi yakutiyakuti, pulogalamu yolembedwa bwino imachotsa nthawi yoyambira pa nthawi ya tsopano. Pa koloko ya mabiti 8, ngati ntchito idayamba pa 250 ndipo tsopano koloko yazungulira n'kufika pa 4, purosesa ikachotsa 250 pa 4 imabwereranso m'mbuyo kudutsa pa 0 n'kupeza 10, umene ndi mtunda weniweni pakati pa nthawi ziwirizo. Kusiyana kwa chipangizo chodalirika ndi chokhumudwitsa kuli pa kalembedwe ka mzere umodzi.

Kuphunzira luso limeneli sikufuna ndalama zambiri. Mapulogalamu monga GDB, imene imayendetsa pulogalamu lamulo limodzilimodzi uku ikuonetsa zimene zili m'marejisita, ndi objdump, imene imatembenuza pulogalamu yomasuliridwa kale kuti iwerengeke mu assembly, amapezeka kwaulere. Chofunika kwambiri ndi pepala, pensulo ndi kuleza mtima. Sukulu zaukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, University of Zambia ku Lusaka, Copperbelt University ku Kitwe, Eduardo Mondlane ku Maputo ndi University of Zimbabwe ku Harare zimaphunzitsa za makompyuta ndi za umisiri, koma achinyamata ambiri amakopeka ndi ntchito zooneka msanga, monga kupanga mapulogalamu a pa foni. Ntchito zimenezo n'zofunika ndithu. Komabe dziko limene lilibe anthu otha kutsegula chipangizo n'kulondola masamu ake limangodikira wogulitsa kuti alifotokozere chimene chavuta, pa nthawi yake ndi pa mtengo wake.

Si wophunzira aliyense amene adzalembe mapulogalamu mu assembly, ndipo nkhani ya Therac-25 ikuchenjeza kuti kulemba pulogalamu yaikulu m'chiyankhulo chimenechi kumabisa zolakwika mosavuta. Chofunika ndi kutha kuchiwerenga. Akatswiri oteteza mabanki kwa akuba a pa intaneti amachiwerenga pofufuza mavairasi, amene amafika opanda malongosoledwe alionse. Amisiri osamalira makina akale amene kampani yake idatha kalekale amachiwerenganso, poti palibe wina womufunsa.

Ngakhale akuluakulu ogula katundu wa boma ndi wa makampani, amene sadzaona mzere wa assembly pa moyo wawo, angapindule ndi mafunso ochepa ochokera ku luso limeneli. Kodi m'chipangizochi muli manambala ati amene amangokwera osatsika? Adzadzaza liti? Akadzaza chidzachitike n'chiyani? Ndani ali ndi chilolezo ndi luso lokonza, ndipo adzalipira ndani? Safunsa adadya phula.

Masiku ena ali kale pa kalendala. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo amene amasunga chiwerengerochi m'mabiti 32 a mbali ziwiri adzafika pa malire a 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038. Sekondi yotsatira, koloko zawo zidzaonetsa Disembala 1901. Makompyuta atsopano ambiri adasamukira kale ku mabiti 64, koma zipangizo zazing'ono zomangiriridwa m'makoma, m'mapampu ndi m'makina a m'mafakitale zimakhalitsa zaka zambiri osasinthidwa.

Mamita a magetsi nawo sadapatsidwe chigoba chachikulu mu 2024. Mabiti akadali 24, chimene chidasintha ndi poyambira kuwerenga. Mphindi 16,777,216 kuchokera pa 1 Januwale 2014 zidzatha mu Novembala 2045. Mwana amene akuphunzira lero kulemba 2 n'kusunga 1 m'kalasi ya pansi pa mtengo adzakhala ali pa msinkhu wogwira ntchito pa nthawiyo, ndipo mita ya pakhoma la kwawo ikuwerengera kale mphindi zotsala.